Kope limene linabweza mayi aja

Mu shopu yathu ya zodzoladzola ku Ulónguè, mayi ena amene ankagula mafuta mwezi ndi mwezi anangosiya kubwera. Nditakumana nawo pamsika sanabise mawu: "Mwanawe, zaka zonsezi ndikugula kwa inu, koma mumandifunsabe ngati mlendo."

Zinandiwawa, poti zinali zoona. Ndinagula kope n'kuyamba kulembamo makasitomala athu okhazikika, zimene amakonda ndi sopo amene amawayabwa pakhungu. Kuno ku Angónia mu June kumazizira mpaka milomo kung'ambika, ndiye katundu akangofika kuchokera ku Tete ndimawabisira Vaseline ndi glycerine pansi pa kauntala, n'kuwaimbira foni.

Mayi aja anabwera Loweruka ndi apongozi awo. Ndinawapatsa mpando, botolo lawo lili kale m'jumbo.