Kayesedwe ka plasma ball osadziwotcha

Mwafunsa mmene mungayesere plasma ball, galasi lozungulira lija lokhala ndi timphezi tofiirira mkati.

Zofunika: chipinda chamdima, tebulo lathabwa louma, chaja yake yeniyeni, ndi babu lalitali la fluorescent losasweka.

1. Yang'anani galasilo mozungulira. Ngati lili ndi mng'alu, bwezani kwa wogulitsa, chifukwa mpweya wa neon ndi argon wamkatimo ndiwo umawala, ndipo ukatuluka basi yatha ntchito.

2. Werengani zolembedwa pansi pake. Zina zimafuna 5V za USB, zina 12V. Musangotola chaja iliyonse poti yalowa.

3. Vulani mphete ndi wotchi, foni muyiike patali. Amene anamuika kachipangizo kothandiza mtima kugunda asayandikire.

4. Zimitsani nyali, kenaka yatsani mpirawo.

5. Gusani galasi ndi chala chimodzi. Timphezi tonse tithamangira pachalapo n'kukhala kachingwe kamodzi kowala kwambiri. Yendetsani chalacho pang'onopang'ono, kazikutsatirani ngati kamwana ka mbuzi. Mukamva kutentha, chotsani.

6. Gwirani babu lija kumapeto, mbali inayo muyiyandikize pagalasi. Liyaka m'manja mwanu popanda waya. Kwa ine apa ndiye pokoma, ana amachita kukuwa.

Chenjezo: ambiri amalakwitsa poika ndalama yachitsulo kapena foyilo pamwamba pagalasi. Chitsulocho chimasonkhanitsa magetsi, ndipo mukachikhudza kamoto kamalumphira pachala n'kukuwotchani. Manja onyowa nawonso ayi.

7. Mukamaliza zimitsani ndi kuzula pa soketi, isagone ili yoyaka.