Kamera za chitetezo zikamadukaduka pa foni

Mwafunsa za kamera za pasitolo panu: mukakhala pomwepo zimaonetsa bwinobwino, koma mukamaonera pa foni muli kutali, kanema amaima kapena kuzimiratu. Zikatero, nthawi zambiri kamera zilibe mlandu, vuto limakhala pa intaneti.

Choyamba pitani kusitoloko, lumikizani foni ku Wi-Fi ya komweko, muyeze liwiro la intaneti ndi pulogalamu ya Speedtest. Musatengeke ndi download, liwiro lolandirira zinthu. Chofunika ndi upload, liwiro lotumizira zinthu, chifukwa kamera zimatumiza kanema kunja. Kamera imodzi ya 1080p (ya chithunzi chooneka bwino kwambiri) imafuna pakati pa 2 ndi 4 Mbps (muyeso wa liwiro la intaneti), ndiye ngati mukuonera zinayi pamodzi pomwe upload ndi 3 Mbps, gwero la vuto mwalipeza kale.

Kenako tsegulani pulogalamu yoonera kamera pa foni, Hik-Connect kapena DMSS, muchoke pa main stream (kanema wolemera) mupite pa sub stream (kanema wopepuka). Chithunzi sichioneka bwino kwenikweni, koma chimayenda osaima, ndipo zomwe DVR (makina osunga kanema wa kamera) ikusunga sizisintha. Mu DVR momwemo sankhani H.265 (njira yopanikiza kanema kuti apepuke) ngati ilipo, mutsitsenso mafelemu (zithunzi zopanga kanema) afike 15 pa sekondi.

Ine ndimaumirira chingwe. DVR ilowe mu rauta ndi chingwe cha Ethernet, musadalire Wi-Fi yodutsa makoma a njerwa.

Ngati rauta yanu ndi ya SIM khadi, musadzivute ndi port forwarding (kutsegula njira pa rauta yoti mufikire DVR muli kutali). Makampani ambiri a mafoni amagwiritsa ntchito CGNAT (makasitomala ambiri amagawana adilesi imodzi ya intaneti), choncho sizitheka. Mu DVR yatsani P2P (njira yolumikizira foni ku DVR popanda port forwarding), muone ngati yalemba Online, muonenso ngati bandulo sinathe.

Zikamaduka magetsi akangothima, ikani rauta pa UPS (batire losunga magetsi) limodzi ndi DVR. Ambiri amateteza DVR yokha n'kuiwala rauta.