Mmene mungajambulire khanda pafoni kuti adokotala aone mmene ubongo wake ukukulira

Ambirife timadikira kuti mwana akhale pansi, akwawe, ayambe kuyenda, ndiye akachedwa mpamene timayamba kuda nkhawa. Koma ubongo wa khanda umayamba kudzionetsa kalekale mwana asanathe nkugwira chinthu komwe, ndipo umadzionetsera pa kuphiriphitha kuja amachita akagona yekha palibe womuseweretsa. Wasayansi wina wa ku Austria, Heinz Prechtl, ndiye adatsegula anthu maso pa nkhaniyi, ndipo mu 1997 iye ndi anzake adasonyeza kuti kuonera vidiyo ya khanda likutakataka kumathandiza kudziwa msanga mwana amene angadzakhale ndi cerebral palsy, vuto la kayendedwe ka thupi lobwera chifukwa ubongo unavulala kapena sunakule bwino.

Choyamba werengani bwino masabata. Kuyambira pobadwa mpaka cha m'masabata 6 mpaka 9 mwana amapinda ndi kuwongola thupi lonse pang'onopang'ono ngati akudzinyolola. Kenako pakati pa masabata 9 ndi 20 zimasintha, pamabwera timayendedwe tating'onoting'ono tomwe madokotala amati fidgety movements, ndipo timeneti ndi timene tikufuna. Yang'anitsitsani kadzanja, kamapotoloka pang'ono uku ndi uku, kaphazi kakuzungulira pa kakolo, khosi, mapewa, chiuno, zonse zikungosunthasuntha mofewa mbali zonse osaleka. Nthawi yabwino yojambula ndi masabata 12 mpaka 16.

Koma apa mpomwe ambiri amaphonya. Ngati mwana anabadwa masiku osakwana, musawerenge kuyambira tsiku lobadwa ayi, werengani kuyambira tsiku lomwe amayembekezeka kubadwa. Wobadwa pa masabata 32 anafulumira ndi masabata 8, ndiye akatha masabata 20 ali kunja kuno inu muziti ali ndi 12.

Pojambula, mugonekeni chagada pamalo afulati, pansalu ya mtundu umodzi yopanda maluwamaluwa, atangovala thewera kapena kamalaya kopepuka kuti manja ndi miyendo zizioneka, bola chipinda chikhale chofunda. Akhale ali maso, atayamwa kale koma osati pompopompo, asakulira, asakusinza, alibe ntchirichiri. Mkamwa musakhale kanthu, zidole chotsani, TV zimitsani. Inuyo imani cha kumapazi kwake, foni pamwamba, thupi lonse lilowe kuyambira kumutu mpaka zala zakuphazi, mujambule mphindi 3 mpaka 5 osagwedeza foni.

Chovuta kwambiri, ndipo ndikunena izi chifukwa mtima wa kholo ndimaudziwa, ndi kukhala chete. Mwana akuyang'anani, akumwetulira, inu pakamwa pakuyabwa kuti mumuyankhe kapena mumugwire kaphazi, koma mukangotero basi wasiya zake zija wayamba kutsatira inu, vidiyo yaonongeka. Pirirani mphindi zochepazo, mumunyamula mukamaliza. Akayamba kulira siyani, mudzayesenso nthawi ina. Ndi bwinonso kujambula kawiri motalikitsa masabata awiri, chifukwa tsiku limodzi silinena zonse.

Vidiyoyo musaiweruze nokha chonde. Amene amaiwerenga ndi dokotala wa ana kapena wa mafizo amene anachita maphunziro apadera a njira ya Prechtl, chifukwa diso wamba limaona mwana akusuntha nkuti zili bwino, pomwe iwo akuyang'ana ngati kusunthako kukusinthasintha kapena nkobwerezabwereza, ngati timayendedwe tija tilipo kapena palibe, kaya ngati manja ndi miyendo zikuumira limodzi nkumasukanso limodzi. Akakayikira amaonjezera mayeso ena monga HINE, pomwe dokotala amamuyeza mwanayo kuti aone mmene ubongo ukuyendetsera thupi lake, komanso kujambula ubongo pa MRI, ndipo malangizo omwe akatswiri adatulutsa mu 2017 amati zitatuzi pamodzi zimatha kuzindikira cerebral palsy mwana asanathe miyezi 5.

Zimenezi nzofunika makamaka kwa mwana wobadwa masiku osakwana, wobanika pobadwa, amene anadwala chikasu chachikulu kapena kukomoka m'masiku oyamba. Ngati wanu ali m'gulu limeneli jambulani ndithu, lembani tsiku lojambula ndi masabata ake, mupite nayo kuchipatala mukafunse ngati alipo wodziwa kuiwerenga. Akapeza kanthu, mafizo amayambika pomwepo ubongo ukadali wanthete, nthawi yomwe umaphunzira mwachangu kwambiri. Koma mukaona mwana akuuma thupi, ali lobodoka, kapena akugwiritsa ntchito mbali imodzi yokha, osadikira za vidiyo, pitani naye lero lomwe.