Momwe mungasankhire malimu a njinga ya mountain bike: opepuka kapena olimba?

Munthu akamatsika ndi njinga m'tinjira tamiyala ta paphiri la Zomba, kapena akamadutsa tsiku ndi tsiku mumsewu wafumbi umene madzi a mvula anaukumba, chimene chimamenyedwa kwambiri pa njingayo ndi limu. Ogulitsa amakonda kutamanda limu yopepuka, koma kwa wokwera wa kuno kwathu, kumene limu ikawonongeka kupeza ina yofanana nayo kumavuta, ine ndikuona kuti kulimba kuyenera kutsogola.

Choyamba, dziwani kukula kwa gudumu lanu. M'mbali mwa tayala mumalembedwa nambala: 559 ndi ya gudumu la mainchesi 26, 584 ndi ya 27.5, ndipo 622 ndi ya 29. Njinga zambiri zakaunjika ndi za 26. Onaninso mabuleki. Ngati ndi a mphira zogwira m'mbali mwa limu, musagule limu yopangidwira mabuleki a disiki (ogwira pa kambale kachitsulo ka pakati pa gudumu), chifukwa ilibe malo osalala oti mphirazo zigwirepo.

Chachiwiri, ganizirani mofatsa za kulemera. Limu ya aluminiyamu ya ochita mpikisano imalemera magalamu pafupifupi 400 mpaka 450, pamene yopangidwira njira zoipa zotsetsereka imafika 550 kapena 600. Kusiyana kwake pa magudumu onse awiri ndi magalamu pafupifupi 300, kosafika ngakhale kulemera kwa madzi a m'botolo la theka la lita. N'zoona kuti kulemera kokhala m'mphepete mwa gudumu kumamveka kwambiri m'miyendo poyamba kupalasa ndi powonjezera liwiro, koma pokwera chitunda mwaliwiro losasintha, magalamu amenewo sasiyana ndi katundu wina aliyense amene mwanyamula. Wopikisana wa thupi lopepuka akhoza kupindula nawo. Munthu wathupi lalikulu, kapena amene amamangirira katundu kumbuyo, adzangoona limu yopepukayo ikukhota mwamsanga.

Chachitatu, sankhani chimene limuyo inapangidwa nacho. Ya chitsulo, ngati ya njinga za kabaza, imapirira koma ndi yolemera, imachita dzimbiri, ndipo mphira za mabuleki siziigwira bwino ikanyowa. Ya kaboni ndi yopepuka ndi youma, koma mtengo wake ndi wokwera, ndipo ikagunda mwala mwamphamvu sipindika ayi, imang'aluka, zimene mmisiri wa pansi pa mtengo sangakonze. Ya aluminiyamu ikamenyeka imangopindika pang'ono m'mphepete, ndipo kawirikawiri imatha kuwongoledwa n'kukufikitsani kunyumba. Pachifukwa chimenechi, ambiri aife ya aluminiyamu ndiyo yotiyenera.

Chachinayi, ndipo apa mpamene ambiri amanyengeka, yang'anani mkati mwa limu mutachotsa tayala ndi kalamba kophimba maboo. Mukaona mitu ya masipoko ili poyera pansi pa ngalande, limuyo ndi ya khoma limodzi, ndipo ngakhale itanyezimira bwanji, sichedwa kukhota. Mukaona maboo akuluakulu, mitu ya masipoko ili m'kati mwake chapansi, ndiye kuti ndi ya makoma awiri, okhala ndi mphako pakati pawo ngati nsungwi. Mpangidwe umenewu ndiwo umapatsa limu mphamvu popanda kuilemeretsa kwambiri. Yezaninso kutambalala kwa ngalande ya mkatiyo. Malimu akale a njinga za 26 amakhala ndi mamilimita 17 mpaka 21, ndipo amayenera matayala a mainchesi pafupifupi 2. Matayala onenepa a masiku ano, a 2.3 mpaka 2.5, amakhazikika bwino pa limu ya mamilimita 25 mpaka 30. Tayala lalikulu pa limu yopyapyala limapendekeka pokhota, makamaka mpweya ukachepa.

Chachisanu, werengani maboo a masipoko, chifukwa ayenera kufanana ndi a pa habu yanu, chitsulo cha pakati pa gudumu chimene masipoko amachokerapo. Maboo 28 amapepukitsa gudumu, 32 ndiwo ofala, ndipo 36 ndi a onyamula katundu. Ubwino wa masipoko ambiri ndi wakuti imodzi ikaduka muli kutali ndi kwanu, gudumu silikhota kwambiri moti n'kulephera kuyenda. Boo la valavu nalonso musaliiwale: lalikulu ndi la valavu ya Schrader, yofanana ndi ya galimoto, pamene laling'ono ndi la Presta, imene machubu ake sapezeka pamsika uliwonse.

Ngati ndalama sizikukwanira kugula malimu awiri abwino, ikani yolimba kumbuyo, chifukwa gudumu la kumbuyo ndilo limasenza gawo lalikulu la thupi lanu, ndipo ndilo limagunda miyala imene lakutsogolo laizemba. Kutsogolo mukhoza kuika yopepukirapo.

Pogula limu yogwiritsidwapo kale ntchito, igonekeni pa simenti yosalala kuti muone ngati ikukhudza pansi mbali zonse. Ipukuteni, kenako muyang'ane pamaboo a masipoko padzuwa, popeza ming'alu yaing'ono ngati tsitsi imayambira pamenepo. Yendetsani chala m'mbali momwe mabuleki amagwira. Mukamva kuti mwalowa ngati supuni, khomalo ladyeka ndipo tsiku lina likhoza kuphulika.

Chomaliza, perekani ntchito yoluka masipoko kwa mmisiri wodekha amene sathamangira kumaliza. Akamaliza, gwirani masipoko awiriawiri n'kufinya, kapena muwakhwatche ndi chikhadabo. A mbali imodzi ayenera kulira mofanana. Pakatha masabata awiri kapena atatu mukuyenda nayo, mubwererenso kwa mmisiriyo kuti akawamangitsenso, chifukwa masipoko atsopano amayamba amasuka pang'ono asanakhazikike.