Zojambula za ku Comic Con zisamafike kunyumba zitapindika

Anzanga amene mumapita ku Comic Con Africa, chionetsero cha makomiki ndi zojambula cha ku Nasrec ku Joni, musamayende chimanjamanja. Nyamulani kachidutswa ka paipi ya pulasitiki, ija amalumikiza kusinki ya mamilimita 50. Abale athu ogwira ntchito za mipope amangotaya zotsala, apempheni. Masentimita 35 akwanira, chifukwa pepala la A3 m'lifupi mwake ndi masentimita pafupifupi 30.

Mukagula chojambula ndipo wojambulayo wasainapo, dikirani kaye inki iume. Ine ndinafulumira, siginecha yonse inamatirira kumsana kwa pepala, ndalama zanga zinangopita. Kenako pindani mozungulira ngati mkeka, mosamanga kwambiri, lowetsani m'paipimo n'kutseka mbali zonse ndi sokosi yakale ndi labala. Mu takisi yodzaza kupita ku siteji ya matakisi ya Bree, wina akhoza kukukhalirani chikwama koma paipiyo siphwanyika, ndipo mukatseka ndi pulasitiki, mvula ya ku Joni siilowa.

Pepala lolimba ngati katoni lokha musalipinde, limasweka. Limenelo liikeni pakati pa makatoni awiri odula pa bokosi, n'kumata ndi tepi.