Kujambula hatchi pa nsalu ya pa tebulo ndi phala la ufa

Kuno ku Harare nsalu zojambulidwa ndi phala zili ponseponse, koma mukayenda pa msika wa ku Avondale mupeza njovu, nkhanga ndi akadyansonga okhaokha. Ine ndimajambula hatchi, pa nsalu za pa tebulo ndi pa mapilokesi, chifukwa anthu okonda mpikisano wa mahatchi ku Borrowdale amagula, makamaka nyengo ya mpikisano waukulu wa Castle Tankard ikayandikira.

Gulani nsalu yoyera ya thonje lenileni. Ya nayiloni siyigwira penti. Muichape kaye kuti sitachi ichoke, muisite, kenako muiyale pa katoni.

Ntchito yonse yagona pa kujambula, ndipo ambiri amagwa pa miyendo. Mawondo a kutsogolo amapindikira kutsogolo. Mfundo yaikulu ya mwendo wakumbuyo, ija anthu amaiyesa bondo, imaloza kumbuyo, chifukwa kwenikweni ndi chidendene. Hatchi imaponda ndi chala chimodzi chokha, chomwe chili m'chiboda. Mukapinda miyendo inayi mofanana, chinyamacho chimaoneka ngati tebulo lothyoka. Makutu akhale aafupi ndi osongoka, khosi lalitali, mchira ukhale ndi ubweya wautali kuyambira pomwe wamerera. Makutu akatalika, mchira n'kukhala ndi kangayaye kunsonga kokha, mwajambula bulu, ndipo wogula wa ku Borrowdale azindikira asanatsike n'komwe m'galimoto. Yesani kaye pa pepala, mudule chithunzicho, muzichiika pa nsalu n'kumazunguliza ndi choko.

Tsopano phala. Sefani ufa woyera, muphike phala losalala, lopanda mibulu, lolimbirako pang'ono kuposa la mwana. Likazizira thirani m'botolo lapulasitiki la tomato sosi, lija lokhala ndi kamlomo kosongoka. Finyani potsata mizere ya choko. Pa manyenje ndi mchira musaope, kokani mizere yambiri yopyapyala mbali imodzi, ngati mphepo ikuomba. Pamene pali phala penti safikapo, ndiye pamatsala poyera.

Yanikani padzuwa nsalu ili chiyalire mpaka phala liume gwa. Dzuwa la mu Okutobala silichedwa, koma nthawi ya mvula phala limachita nkhungu lisanaume, choncho ine miyezi imeneyo ndimangosoka m'mphepete mwa nsalu. Likauma, khwinyani nsaluyo pang'ono kuti phala ling'ambike. Penti akalowa m'ming'alu imeneyo amasiya timizere tomwe timakongoletsa thupi la hatchi.

Pakani penti ya nsalu, osati ya khoma. Yambani ndi mtundu wowala, wakuda pomaliza. Kwa ine hatchi yofiirira ya manyenje akuda pa nsalu yachikasu ndiyo imatuluka bwino. Yobiriwira ndi yapinki asiyireni ana a sukulu.

Penti akauma, palani phala ndi supuni kapena mpeni wobuntha, nkhuku zisatole zopalazo chifukwa zili ndi penti. Tembenuzani nsalu, muisite kumbuyo ndi simbi yotentha kwa mphindi zingapo malo alionse kuti penti agwire. Magetsi akazima simbi ya makala imagwira ntchito, bola muike kansalu kena pakati kuti phulusa lisadetse. Mukatero muichape ndi madzi ozizira ndi sopo pang'ono, osapukusa pa mwala, ndipo muiyanike pamthunzi.