Kapangidwe ka Ndodo Zotsamiritsira Mfuti ya Mpweya

Wofunsa wa ku Mchinji akufuna chotsamiritsira mfuti ya mpweya poyeserera kuwombera chandamale. Musanayambe, pezani nsungwi zitatu zouma ndi zowongoka, mphira wa chubu cha njinga, sowo, ndiponso chikopa kapena nsalu yokhuthala.

1. Dulani nsungwi zonse mofanana kuti zifike pamapewa panu mutaimirira, ndipo mudulire pafupi ndi mfundo kuti zisang'ambike.

2. Zimangeni pamodzi ndi mphira pa masentimita 15 kuchokera kunsonga. Musakungitse kwambiri, chifukwa miyendo iyenera kutambasuka.

3. Tambasulani miyendoyo, kenako kulungani chikopa pamphanda imene yapangika kumwambako.

4. Songolani kumunsi kuti ndodozo zigwire dothi.

5. Mfuti ili yopanda chipolopolo, tsamiritsani pamphandapo mbali yakutsogolo ya thabwa la mfutiyo. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amagoneka mpope weniweniwo wotulukira chipolopolo pansungwi, ndipo chifukwa mpope umanjenjemera powombera, chipolopolo chimaphonya ngakhale mutalunjika bwino.

6. Ikani chandamale kutsogolo kwa chulu chachikulu, kutali ndi njira ndiponso msipu wa ziweto.